Zolemba za Ntchito Yomasulira Aneni a Chingerezi Onena za Kudzandira ndi Kukayikakayika

Sabata yoyamba

Ntchito imeneyi yabadwira m'makope a ophunzira anga a Fomu 3. Ndinawapatsa ndime ya Chingerezi yoti awerenge ndi kuyankha mafunso, ndipo m'ndimemo munali mayi wokalamba amene ankatsika masitepe a chipatala atagwira ndodo. Wolemba anafotokoza kayendedwe kake ndi mneni *totter*. Pochonga, ndinapeza kuti ophunzira ambiri alemba kuti mayiyo anali ataledzera. Nditafunsa m'kalasi, mtsikana wina anaimirira ndi kuyankha mwaulemu kuti, "Aphunzitsi, munatiuza kuti *totter* ndi kudzandira, ndipo amene amadzandira ndi munthu woledzera." Iye sanalakwe. Ndine amene ndinawapatsa mawu amodzi a Chichewa kuti anyamule *stagger*, *totter*, *reel* ndi *lurch* pamodzi, monganso ndinawapatsa "kukayika" kuti aimire *hesitate*, *waver*, *dither* ndi *vacillate*.

Choncho ndaganiza zokonza kabuku kakang'ono kofotokoza aneni amenewa m'Chichewa, koti kathandize ophunzira amene akukonzekera mayeso a MSCE komanso aphunzitsi anzanga. Sabata ino ndangosonkhanitsa mawuwo, ndipo akwana 21. Ena akunena za thupi kapena chinthu chosakhazikika: *stagger, totter, teeter, wobble, lurch, reel, sway, stumble, dodder, toddle* ndi *flounder*. Ena akunena za maganizo: *hesitate, vacillate, dither, waffle, shilly-shally* ndi *dilly-dally*. Awiri, *waver* ndi *falter*, akukana kulowa gulu limodzi, ndipo ndawasiya kaye pambali pamodzi ndi *oscillate* ndi *fluctuate*.

Sabata yachiwiri

Ndinayamba ndi kujambula mizere iwiri papepala, wa Chingerezi kumanzere ndi wa Chichewa kumanja, poganiza kuti mneni aliyense apeza mnzake. Pofika Lachitatu njira imeneyi inali italephera. *Wobble* yekha ndi amene anapeza mnzake mosavuta, chifukwa dzino limene Mngerezi amati *wobbly* ife timati likugwedera, ndipo tebulo la mwendo umodzi waufupi limagwederanso m'ziyankhulo zonse ziwiri. Koma "kudzandira" ndinakulemba kanayi, ndipo "kugwedezeka" kasanu, zimene zikutanthauza kuti ndinali kubwereza cholakwa chomwe chija chimene chinasandutsa gogo wodwala kukhala chidakwa.

Ndinatengera pepalalo kwa aphunzitsi anzanga amene amaphunzitsa Chichewa, bambo achikulire amene akhala pa ntchitoyi zaka zambiri kuposa ine. Ataliyang'ana anandiuza kuti ndikusaka pamalo polakwika, popeza kusiyana kumene Chingerezi chimakuika m'aneni, Chichewa nthawi zambiri chimakuika m'mvekero. Ife timati munthu akuyenda dzandidzandi, mpando uli gwedegwede, bwato lili pendapenda, ndipo womvera amaona chithunzicho nthawi yomweyo ngakhale mneni ali wamba. Mawu awo andithandiza kwambiri, ndipo ndawonjezera mzere wachitatu wa mvekero.

Pofufuza kapangidwe ka mawuwa ndaonanso chinthu chimene sindinachilabadirepo kale. Ambiri mwa iwo amathera ndi *-er* kapena *-le*: *stagger, totter, teeter, waver, falter, dither, dodder*, kenako *wobble, stumble, toddle*. Akatswiri a mbiri ya Chingerezi amafotokoza kuti mathero awiriwa kale ankasonyeza ntchito yochitika mobwerezabwereza, pang'onopang'ono. Ndi ntchito yomweyo imene ife timagwira pobwereza tsinde la mneni, monga kuchoka pa "kukayika" kupita pa "kukayikakayika", kapena pa "kupenda" kupita pa "kupendapenda". Mfundo imeneyi ndiika pa tsamba loyamba la kabukuka, chifukwa wophunzira akaiona adzazindikira kuti khutu lake lazolowera kale zimene Chingerezi chikuchita.

Sabata yachitatu

Sabata ino yonse yapita ku aneni a thupi, ndipo ndasiya kufunsa kuti mneni wakutiwakuti ndi chiyani m'Chichewa. Tsopano ndikufunsa kuti chimene chikugwedezekacho ndi chiyani, chachititsa ndi chiyani, ndiponso kugwa kwayandikira motani.

*Stagger* ndi wa munthu amene akuyenda ndithu, akupita kwinakwake, koma miyendo sikumumvera chifukwa cha mowa, chizungulire, bala kapena katundu wolemera. Lolemba ndinaona mnyamata akuchokera kuchigayo atasenza thumba la ufa la makilogalamu 50, mapazi akuponda uku ndi uku, khosi litauma, ndipo ndinalemba pomwepo kuti chitsanzo changa chikhale chimenechi, osati cha woledzera. Ndikufuna ophunzira asiye kumva fungo la kachasu paliponse pamene awona mawuwa. Mneniyu anachokera ku chiyankhulo chakale cha anthu a ku Scandinavia, kumene kunali *stakra*. Ali ndi matanthauzo ena awiri amene ndiyenera kuwalemba mwachidule: *staggering* ndi chinthu chachikulu mododometsa, pomwe *staggered hours* ndi nthawi zogwirira ntchito zimene zasiyanitsidwa dala kuti anthu asayambe onse pamodzi.

*Totter* ndi wosiyana chifukwa cha kufooka. Masitepe ake ndi aafupi, ndipo woona amafuna kuthamanga kuti akagwirize. Amanena za nkhalamba, za wodwala amene wangodzuka kumene pamphasa, za khoma la njerwa zosawotcha limene lanyowa ndi mvula, ndiponso za boma limene latsala pang'ono kugwa. *Dodder* ali pafupi naye koma amakhudza ukalamba wokha, ndipo amanyoza. Ndalemba chenjezo loti wophunzira asagwiritse ntchito *doddering* pofotokoza agogo ake m'chimangirizo poganiza kuti akuwamvera chisoni. *Toddle* ndi wa mwana amene wangophunzira kuyenda, ndipo dzina loti *toddler* linachokera pamenepo.

*Teeter* safuna kuti chinthucho chiziyenda. Chofunika ndi m'mphepete. Ndowa yodzadza madzi imene yaikidwa pamlomo pa chitsime, theka lake lili m'malere, ndiyo ikuchita zimenezi, ndipo "pendapenda" wathu akukwanira bwino kwambiri. N'chifukwa chake mneniyu amakonda kuyenda ndi mperekezi *on*, monga mu *teeter on the edge* kapena *teeter on the brink*. Ku America, thabwa limene ana awiri amaseweretsa, wina akakwera wina n'kutsika, ena amalitcha *teeter-totter*.

*Lurch* wandivuta. Ndi kugwedezeka kumodzi, kwadzidzidzi ndiponso kwamphamvu, monga zimachitikira minibasi ikanyamuka dalaivala atasiya kilachi mofulumira, apaulendo onse n'kukankhikira m'mbuyo, nkhuku zimene zili pansi pa mpando n'kulira. Sindinapeze mneni mmodzi wa Chichewa wokwanira, ndipo ndasankha kufotokoza ndi chiganizo chathunthu. Ndachenjezanso kuti *lurch* wa m'chining'a choti *leave someone in the lurch*, chimene chimatanthauza kusiya munthu pamavuto, ndi mawu ena amene anachokera ku dzina la masewera akale a ku France, ngakhale kalembedwe kali kofanana.

*Reel* ndi wa munthu amene wamenyedwa kapena amene dziko likumuzungulira, ndipo nyuzipepala za Chingerezi zimamukonda kwambiri ponena za anthu amene tsoka lawagwera. Namondwe wa Freddy atawononga maboma a chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, mawu oti *reeling from* ndi amene mtolankhani akanafotokozera midzi ya ku Mulanje, Phalombe ndi Blantyre imene inali isanadzukebe. *Sway* ndi wofatsa: nsungwi m'mphepo, kapena amayi a kwaya akuimba. Alibe mantha a kugwa. Akatembenukira ku maganizo amatanthauza kukopa munthu, ndipo *to be swayed* ndi kutengeka.

Sabata yachinayi

Sindinachite zambiri chifukwa cha kuchonga mayeso apakati pa teremu. Ndangochotsa mawu atatu. *Oscillate*, amene muzu wake wa Chilatini umanena za katungwe, ndi *fluctuate*, amene muzu wake umanena za funde, ndi oyenera kabuku ka sayansi ndi zachuma. *Dilly-dally* ndi kuchedwa m'njira ndi kutaya nthawi, osati kulephera kusankha. Atsala 18.

Sabata yachisanu

Apa ndi pamene ntchito yasintha nkhope. Ndinali kuganiza kuti ndili ndi magulu awiri osiyana, la thupi ndi la maganizo, koma ndikamafufuza chiyambi cha aneni a maganizo, ndikupeza thupi pansi pawo. *Vacillate* anachokera ku mneni wa Chilatini *vacillare*, kutanthauza kupendekera uku ndi uku. *Dither* poyamba ankatanthauza kunjenjemera, ndipo ndi m'bale wake wa *dodder*. *Waver* ankanena za kuyendayenda ndi kuphethira ngati lawi la koloboyi pamene chitseko chatsegulidwa. *Hesitate* anachokera ku *haesitare*, kukanirira pamalo, kuchokera ku *haerere*, kumatirira, muzu womwewo umene unabala *adhesive*. Choncho munthu amene akuchita *hesitate* sakugwedezeka konse koma phazi lake lamatirira pansi kwa kanthawi, pomwe amene akuchita *vacillate* akupita uku, n'kubwerera, n'kupitanso. Ndi *shilly-shally* yekha amene anabadwira m'kamwa mwa munthu wokayika, popeza anachokera ku funso loti *shall I?* lonenedwa kawiri.

Umboni wina ndaupeza m'Baibulo la Chingerezi la King James la mu 1611, limene ambiri mwa ophunzira anga amalimva kutchalitchi. Pa Salimo 107:27, amalinyero amene agwidwa ndi namondwe akufotokozedwa kuti "They reel to and fro, and stagger like a drunken man," ndipo apa ndi thupi lenileni limene likudzandira. Koma pa Aroma 4:20, ponena za Abrahamu, Baibulo lomwelo likuti "He staggered not at the promise of God through unbelief," ndipo apa *stagger* akutanthauza kukayika mumtima, tanthauzo limene Chingerezi cha lero chinalisiya. Pa Yakobo 1:6 munthu amene *wavereth* akufanizidwa ndi funde la m'nyanja lotengeka ndi mphepo, ndipo ndime ziwiri kutsogolo kwake tikupeza uja amene ife timamudziwa kuti munthu wa mitima iwiri. Ndime zitatuzi ndizigwiritsa ntchito monga mlatho wolumikiza magawo awiri a kabukuka.

Aphunzitsi anzanga a Chichewa aja anandikumbutsa kuti nafenso timachita chimodzimodzi, koma si nthawi zonse pamene timafika kumene Chingerezi chikufika. "Kukhumudwa" ndi kupunthwa chala pamwala kapena pachitsa, ndipo n'chifukwa chake timanena za mwala wokhumudwitsa, koma lero munthu akati wakhumudwa, timamva kuti mtima wake wapwetekedwa. *Stumble* wa Chingerezi anayambanso ndi chala chomwecho, koma iye anapita ku kulakwitsa, ku kuphonya mawu powerenga, ndiponso, akatsatana ndi *on* kapena *upon*, ku kupeza chinthu mwangozi. Wophunzira amene angamasulire *she stumbled upon the letter* kuti "anakhumudwa ndi kalatayo" wasochera kutali, ngakhale mawu ake ali ndi chiyambi cholondola. Chitsanzo chimenechi ndachiika m'bokosi lapadera, ndipo pa *stumble* ndalemba "kupunthwa" monga tanthauzo loyamba.

Sabata yachisanu ndi chimodzi

Chimene ndaphunzira sabata ino, ndipo ndikuona kuti ndicho mtima wa ntchito yonseyi, n'chakuti aneni a kukayika amasiyana kwambiri pa chiweruzo chimene wolankhula akupereka kwa munthu wokayikayo. *Hesitate* sadzudzula. Mayi amene waima kaye m'mbali mwa msewu wa M1 asanawoloke ndi ana ake akuchita *hesitate*, ndipo akuchita bwino. *Waver* akusonyeza kuti panali kutsimikiza kale koma tsopano kwayamba kufooka, n'chifukwa chake *unwavering* ndi mawu otamanda munthu wosagwedezeka. *Vacillate* ndi wa m'mabuku ndipo amadzudzula modekha munthu amene lero akuti ichi, mawa icho. Kwa iye ndaikapo mwambi uja woti "ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada." *Dither* ndi *shilly-shally* amadzudzula poyera, ndipo amamveka pakamwa pa munthu amene watopa ndi kudikira. Ndaganizira mwambi woti "mapanga awiri avumbwitsa," koma ndauika pa gawo lonse osati pa mneni mmodzi, chifukwa ukunena za zotsatira za kusasankha.

Ndasankha zitsanzo zitatu za m'mbiri zimene zikuonetsa kulemera kwa mawuwa. Mu 2005, magazini ya The Economist inatcha Paul Martin, amene anali nduna yayikulu ya dziko la Canada, kuti "Mr Dithers," ndipo dzinalo linamukanirira, chifukwa kwa mtsogoleri mawuwa akutanthauza kuti ali ndi mphamvu zodula chigamulo koma akungozungulirazungulira. Mu Ogasiti 1990, Iraq italanda Kuwait, Margaret Thatcher, amene anali nduna yayikulu ya Britain, anauza pulezidenti wa America George H. W. Bush kuti imeneyo sinali nthawi ya *go wobbly*, ndipo anatenga mawu a tebulo logwedera n'kuwaika pa mtima wa pulezidenti. Chitsanzo chachitatu ndi cha thupi lenileni: mlatho wa anthu oyenda pansi wa Millennium Bridge, pa mtsinje wa Thames ku London, unatsegulidwa pa 10 Juni 2000 ndipo unatsekedwa patangopita masiku awiri chifukwa unkagwedezeka cham'mbali anthu akamadutsa. Mlathowo ukasuntha pang'ono, anthu ankasintha mapondedwe awo kuti asagwe, ndipo popeza onse ankachita zimenezi nthawi imodzi, kugwedezekako kunkakula. Anthu anaupatsa dzina loti "Wobbly Bridge," ndipo unatsegulidwanso mu Febuluwale 2002 ataukonza. Ndikuyembekeza kuti wophunzira amene wamva nkhani ziwiri zomalizazi sadzaiwala kuti *wobble* ali ndi nkhope ziwiri.

*Waffle* afunika chenjezo lake. Ku America amatanthauza kulephera kuima pa mfundo imodzi, pomwe ku Britain amatanthauza kulankhula kapena kulemba zambiri zopanda mutu. Popeza Chingerezi cha m'sukulu zathu chimatsatira cha ku Britain, ndaika tanthauzo lachiwirilo patsogolo.

Sabata yachisanu ndi chiwiri

Lachinayi ndinayesa zolembazi m'kalasi. Sindinalembe matanthauzo pabolodi. Ndinaitana ophunzira angapo kuti abwere kutsogolo, aliyense n'kumunong'oneza mneni woti achite, ndipo anzawo azitchula. Wa *stagger* ndi wa *stumble* anadziwika msanga. Mnyamata amene ndinamupatsa *teeter* anaima pamphepete pa sitepe ya pakhomo, zidendene zili m'malere, manja atatambasula, ndipo kalasi yonse inafuula mawu olondola ndisanafunse. Mtsikana uja amene anandiyankha za kudzandira ndi amene ndinamupatsa *totter*. Anatenga tsache n'kulisandutsa ndodo, anawerama pang'ono, n'kuyenda timasitepe tating'ono mawondo akunjenjemera, ndipo mnzake wina anadzuka yekha kuti akamugwire mkono. Palibe amene anatchula mowa.

Aneni a maganizo sanayende bwino chotere. Ophunzira anasiyanitsa *hesitate* ndi *dither* nditawafunsa kuti ndi mawu ati amene anganene kwa akuluakulu popanda kuwalakwira, koma *waver* ndi *vacillate* anawasakaniza. Pa ntchito yolemba, aperekezi anavuta kwambiri. Ndinapeza *hesitate doing* m'malo mwa *hesitate to do*, komanso *waver on two choices* m'malo mwa *waver between*. Choncho pa mneni aliyense ndiwonjezera mzere wa mperekezi wake: *dither over, vacillate between, reel from, teeter on, stumble over*. Ndinapezanso kuti ena analemba *waiver* pofuna *waver*. Mawu awiriwa amamveka chimodzimodzi, koma *waiver* ndi dzina lonena za kuchotseredwa lamulo kapena malipiro. Vuto lofanana nalo lili pa *flounder*, amene ndi kuphupha ngati munthu amene wagwa m'matope akuya, ndi *founder*, amene ndi kumira kwa sitima kapena kulephereratu kwa ntchito.

Sabata yachisanu ndi chitatu

Aneni 17 alembedwa mokwanira, aliyense ndi chithunzi chake, mvekero ngati ulipo, mperekezi, ndi ziganizo ziwiri, chimodzi cha thupi ndi china cha maganizo pamene zili zotheka. Amene watsala ndi *falter*, ndipo ndalemba ndi kufufuta ndime yake katatu. Mapazi amachita *falter*, mawu amachita *falter*, chikhulupiriro ndi chuma cha dziko zimachitanso chimodzimodzi. Chimene chikuwalumikiza ndi chakuti chinthucho chinali kuyenda bwino ndi mphamvu, kenako mphamvuyo yaduka pang'ono, ndipo sitikudziwa ngati ibwerera. "Kujejema" akukwanira pa mawu okha. "Kufooka" akupitirira muyeso, chifukwa akusonyeza kuti mphamvu yatha. "Kudodoma" akubweretsa kudabwa kumene m'Chingerezi mulibe.

Loweruka ndinali pa maliro a m'mudzi mwathu, ndipo mwana wamkulu wa malemu anaimirira kuti athokoze anthu. Analankhula momveka bwino mpaka anafika pa dzina la mayi ake, pomwe mawu ake anaduka, anameza malovu, anayang'ana pansi, kenako anapitiriza ndi liwu locheperapo mpaka kumapeto. Nditafika kunyumba ndinalemba zimenezi monga chitsanzo cha *his voice faltered*, popanda kutchula dzina kapena mudzi, ndipo ndasankha kuti pa mneniyu ndisaikepo mawu amodzi a Chichewa. Ndiyamba ndi chithunzicho, kenako ndipereka "kujejema" pa mawu, "kuyamba kufooka" pa chikhulupiriro, ndi "kuyamba kutsimphina" pa chuma, n'kufotokoza malire a lililonse.

Sabata yamawa ndipereka zolembazi kwa aphunzitsi anzanga a Chichewa kuti aunike mivekero ndi miyambi, komanso kwa aphunzitsi awiri a Chingerezi a pasukulu yoyandikana nafe kuti ayese gawo la *waver* ndi *vacillate* m'makalasi awo a Fomu 4. Ndime ya mayi wokalamba uja ndiiperekanso kwa ophunzira anga kumapeto kwa teremu, ndi mafunso omwewo.